Momwe mungakonzere mapu a pa chartplotter kuti aziwerengeka msanga

Munthu amene ali pa chiwongolero cha boti sakhala ndi mpata woyang'anitsitsa sikirini ya chartplotter, makina oonetsa mapu a pamadzi ndi pomwe boti lili. Amangoponyapo diso kamphindi, n'kubwezanso maso pamadzi. Ngati pa kamphindi kameneko sanaone pomwe boti lili ndi pomwe pali madzi osaya, ndiye kuti mapuwo sanamugwirire ntchito, kaya makinawo ndi a Garmin, Raymarine, Simrad kapena Furuno. Mayina a m'menyu amasiyana malinga ndi kampani, koma zoyenera kusintha ndi zomwezomwezo. Chitani izi boti lili padoko, osati injini ikulira mafunde akukukankhani.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa mapu omwe muli nawo. A raster ndi chithunzi chabe cha mapu a papepala. Mukawakulitsa, zilembo ndi mizere zimakulira pamodzi, mukawatembenuza zilembo zimaima chadodolido, ndipo palibe chimene mungachotsemo. A vector ndi osiyana: nambala ya kuya, nyali, thanthwe, chilichonse chimasungidwa pachokha, ndiye mutha kuchiyatsa kapena kuchizimitsa. Makadi a Navionics ndi C-MAP omwe ali m'maboti ambiri ndi a mtundu umenewu, ndipo ku America bungwe la boma lopanga mapu a panyanja la NOAA linalengeza mu 2019 kuti lisiya kupanga mapu ake akale a papepala ndi a raster. Zambiri zomwe zikutsatirazi zikukhudza a vector.

Kenako sankhani muyeso umodzi wa kuya, mamita kapena mafiti, ndipo makina oyeza kuya nawonso akhale pa muyeso womwewo. Mapu ena amayeza kuya m'ma fathom, ndipo fathom imodzi ndi mafiti 6, pafupifupi mamita 1.8, choncho nambala 3 pamapu ingatanthauze madzi oyendamo bwinobwino kapena ofika m'chiuno basi. Onaninso pomwe makina oyeza kuyawo amayambira kuwerenga, pamwamba pa madzi kapena pansi penipeni pa boti.

Tsopano pafika pofunika kuposa ponse, ndipo pamenepa musathamange. Funani pomwe palembedwa Safety Depth, Safety Contour kapena Shallow Shading. Apa mumauza makinawo kuya kumene boti lanu siliyenera kuchepera, iwo n'kupaka mtundu wina malo onse osaya kuposa pamenepo. Tiyerekeze kuti boti lanu limalowa m'madzi mamita 1.5. Onjezani mita imodzi chifukwa cha mafunde, katundu, komanso poti boti likamathamanga kumbuyo kwake kumamira pang'ono. Mwapeza 2.5. Koma mapu ambiri ali ndi mizere ya kuya ya mamita 2, 5, 10 ndi 20, alibe wa 2.5, ndiye makina ambiri amatenga mzere wotsatira wakuya, wa mamita 5. Musadabwe mukaona malo omwe mumadutsamo nthawi zonse apakidwa ngati oopsa. Pamenepo ndi pomwe muyenera kuyandikitsa mapu n'kuwerenga nambala imodziimodzi.

Mukakonza zimenezi, masana madzi akuya amaoneka oyera ndipo osaya amaoneka a buluu pa mapu ambiri, moti diso limagwira ngozi lisanawerenge chilembo chilichonse. Ena amaika nambala yaikulu kwambiri poganiza kuti akudziteteza. Ine sindigwirizana nazo: sikirini yonse ikangokhala ya buluu, mtunduwo sukuchenjezaninso kanthu. Kumbukiraninso kuti kunyanja zamchere kuya kwa pamapu amakuyeza kuchokera pomwe madzi amafika akaphwa kwambiri, pomwe kunyanja za kumtunda ndi m'mitsinje madzi amakwera ndi kutsika ndi nyengo, mapu osadziwa.

Chachinayi, chotsani zodzaza malo. Zimitsani mayina a misewu, malo odyera, zithunzi za satelayiti, ndi njira zakale zomwe boti linajambula maulendo a m'mbuyomo. Zizindikiro zomwe munaika nokha zisungeni pa kadi, n'kubisa zomwe simukuzifuna lero. Ngati muli ndi AIS, chipangizo choonetsa pamapu sitima zina zomwe zili m'deralo, uzani makinawo azionetsa mayina a sitima zapafupi zokha. Mizere ya kuya yothinana ya SonarChart ya Navionics ndi yabwino kwa wosodza amene akufuna potsetsereka pansi pa madzi, koma polowa padoko imaphimba zina zonse. Zomwe simuyenera kuzimitsa ndi matanthwe, sitima zomira, zingwe za pansi pa madzi, nyali ndi zizindikiro zoyandama. Malo akapezeka, kulitsani zilembo ndi kachizindikiro ka boti lanu, ndipo yatsani mzere wosonyeza komwe boti likupitadi, poti mphepo ndi kayendedwe ka madzi zimalikokera kwina kusiyana ndi komwe mphuno yake yaloza.

Mapu a vector ali ndi khalidwe limodzi loipa. Mukawatalikitsa kuti muone dera lalikulu, amadzichotsera okha zinthu zina kuti sikirini isadzaze, ndipo sakufunsani. Pa 29 Novembala 2014, boti la Team Vestas Wind, lili pa mpikisano wa Volvo Ocean Race kuchokera ku Cape Town kupita ku Abu Dhabi, linagunda matanthwe a Cargados Carajos kumpoto chakum'mawa kwa Mauritius, usiku. Matanthwewo analimo m'mapu, koma pa mlingo womwe ankayang'anirapo sankaoneka ngati ngozi. Onse anapulumuka, boti ndiye linawonongeka kwambiri. Amenewa anali akatswiri. Choncho musananyamuke yandikitsani mapu n'kutsata njira yanu yonse, kuyambira padoko mpaka kofikira. Poyenda gawani sikirini pawiri, mbali ina yoyandikitsa, ina yotalikitsa. Kuyandikitsa mopitirira nakonso n'kudzinamiza, chifukwa chithunzi chimakula koma miyeso ndi yomwe ija, mwina ya zaka zambiri zapitazo. Makina ena amalemba Overzoom kukuchenjezani.

Za komwe mapu ayang'ane palibe zambiri. North Up imaika kumpoto pamwamba ndipo mapu sagwedezeka. Head Up imawatembenuza kuti cha kumanja pasikirini chikhale kumanja kwanunso, zomwe zimathandiza m'ngalande yopapatiza, koma boti likamayenda pang'onopang'ono popanda kampasi yolumikizidwa, mapu amangozungulira. Sankhani imodzi, onse oyendetsa botilo aizolowere.

Chotsala ndi kuwala. Masana kwezani kuwala mpaka kumapeto, pukutani mchere ndi zala pasikirini ndi kansalu kofewa konyowa ndi madzi abwino, ndipo pendeketsani makinawo asayang'anizane ndi dzuwa. Sikirini ikada mutavala magalasi a dzuwa a polarized (ochepetsa kunyezimira), pendeketsani mutu. Ikawala, vuto ndi magalasiwo. Kukamada sinthirani ku mitundu ya usiku n'kuchepetsa kuwala, chifukwa maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo sikirini yowala imabwezera zonsezo m'mbuyo. Musanazimitse makinawo usiku, bwezerani kuwala pamwamba. Mukaiwala, m'mawa sikirini idzaoneka ngati yafa. Musathamangire kwa amakanika: pa makina ambiri mukadina kamodzi batani loyatsira, osaligwirira, menyu ya kuwala imatuluka, ndipo mukaphimba sikiriniyo ndi chipewa mudzaiona.