Kuyeza TB m'makhololo ndi Xpert MTB/RIF

Xpert MTB/RIF ndi njira yoyezera pa makina ngati m'makhololo muli kachilombo ka TB, komanso ngati kakumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Makhololo akhale osachepera 1 ml, ochokera pansi pa chifuwa, osati malovu. Pa 1 ml iliyonse thirani 2 ml ya mankhwala osungunulira. Tsekani, khutchumulani ka 10 mpaka 20, dikirani mphindi 10, khutchumulaninso, mudikirenso mphindi 5.

Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Ngati akadali onanda, onjezerani mphindi 5 mpaka 10, chifukwa zonanda zimatseka sefa ya m'katiriji (kabokosi kothiramo makhololo kamene kamalowetsedwa m'makina), makina n'kuima ndi Error 2008. Akasungunuka, thirani 2 ml m'katiriji osakhudza kachubu ka kumbuyo, ndipo yambitsani makina pasanathe mphindi 30.

M'katirijimo ma probe asanu (tizidutswa ta DNA tozindikirira kachilombo) amamata pa jini yotchedwa rpoB ya kachilombo ka TB. Imodzi ikakanika kumata kapena ikachedwa kwambiri, ndiye kuti kachilomboko sikakumva rifampicin. Zotsatira zimatuluka pasanathe maola 2.