Mmene anthabwala angakonzere usiku wa nyimbo za blues ndi soul

Gulu la azisudzo la pa boma la Dedza kapena la Ntcheu limene likufuna kuimba nyimbo zakale za ku America za blues ndi soul pamaso pa anthu liyambe lagwirizana pa mfundo imodzi: nthabwala zizibwera nyimbo isanayambe kapena itatha, koma nyimboyo iziimbidwa ndi mtima wonse. Dan Aykroyd ndi John Belushi, anthabwala a pulogalamu ya pakanema ya Saturday Night Live ku America, atakhazikitsa gulu la The Blues Brothers m'chaka cha 1978, anatenga akatswiri enieni monga Steve Cropper wa gitala ndi Donald Dunn wa besi, amene kale ankajambula nyimbo ku kampani ya Stax mumzinda wa Memphis. Anthu ankaseka suti zakuda, zipewa ndi kavinidwe ka awiriwo, koma bandi ya kumbuyo kwawo sinkaphonya.

Choncho sakani oimba musanasake suti. Oyamba kuwapeza ndi wa ng'oma ndi wa besi, chifukwa awiriwa akasemphana, wina aliyense amasochera. Ambiri mwa iwo muwapeza m'mabandi a m'matchalitchi, ndipo sadzavutika kwenikweni, pakuti soul inaphuka kuchokera ku nyimbo za m'tchalitchi za anthu akuda a ku America. Malipenga akasowa, wa kiyibodi angathe kutsekapo, ngakhale kuti lipenga limodzi lenileni limadzutsa holo kuposa makina.

Phunzirani kayendedwe ka blues mpaka kalowe m'magazi. Nyimbo zambiri zimazungulira pa magawo 12, gawo lililonse powerenga kanayi, ndipo makodi ake (manoti angapo olizidwa pamodzi) ndi atatu okha. Mukaimba mu kiyi ya E, khalani pa E magawo anayi, pitani pa A magawo awiri, bwererani pa E magawo awiri, kenako B limodzi, A limodzi, ndi E awiri omaliza. Woimba amatchula mzere woyamba, amaubwereza, ndipo wachitatu ndiwo umamasula nkhani, pamene gitala imayankha m'mipata imene iye wapumira. Munthu amene anakula akumva amayi akudandaula za banja m'nyimbo za pamtondo, wina akutsogolera wina akuvomera, sadzaona chachilendo pamenepa. Uzani wa gitala kuti ayankhe ngati mnzake wa pamtondo, asamapikisane ndi mawu.

Pa mawu a Chingerezi m'pamene magulu ambiri amagwera. Lembani mawu onse papepala, funsani tanthauzo la mzere uliwonse, ndipo musamang'ung'udze pamene simukudziwa. Luso la wanthabwala ligwire ntchito nyimbo isanayambe: afotokoze m'Chichewa za bambo amene mkazi wamuthawa, kapena amene malipiro amuthera mwezi usanafike pakati, ndipo ngati ali awiri angathe kutsutsana monga ankachitira Izeki ndi Jakobo. Apa anthu aseke mpaka nthiti kuwawa. Koma atchulenso dzina la mwini nyimbo, kaya ndi Muddy Waters, B.B. King kapena Otis Redding, ndi kukumbutsa anthu kuti blues inabadwa pakati pa zidzukulu za akapolo m'minda ya thonje ya ku Mississippi isanafike ku Chicago. Ine ndimaona kuti kunyogodola kalankhulidwe ka anthu amenewa kapena kuseweretsa kulira kwawo n'kuwachita chipongwe, ndipo omvera achikulire amazindikira msanga.

Sankhani nyimbo 10 kapena 12 zogwirizana ndi mawu amene muli nawo, ndipo musachite manyazi kutsitsa kiyi. Nyimbo za Aretha Franklin zimafuna mawu amphamvu kwambiri, motero ndi bwino kuitana mayi wa m'kwaya kuti aziimbe kusiyana ndi kuti mwamuna avale chitenje n'kumachepetsa dala mawu. Yambani ndi zovinitsa, ikani zodekha ziwiri pakati, ndipo sewero lokuwa lisatsogolere nyimbo yodekha, chifukwa kukhosi kumakhala kutasasa.

Suti zakuda ndi zipewa zimapezeka pa kaunjika, monga pamsika wa Lizulu, ndipo zimenezo sizifuna msonkhano wautali.

Chofunika kuchiganizira mozama ndi kuzizira. Usiku wa mu June ndi July ku Dedza umasokoneza kaliridwe ka nsambo za gitala, choncho lowetsani zida mu holo ola limodzi nthawi isanakwane, muzichune, ndipo muzichunenso chitseko chisanatsegulidwe. Oimba akhale ndi fulasiki ya madzi ofunda pambali pa nsanja. Konzani jenereta ndi mafuta ake, ndipo muiike kutali kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni. Popeza mukuimba nyimbo za eni ake ndiponso mukulipiritsa pakhomo, funsani ku bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso la COSOMA za chiphaso musanapachike zikwangwani. Kuyeserera komaliza kuchitikire mu holo momwemo, mmodzi wa inu atakhala pa mpando wa kumbuyo kwenikweni, ndipo azikweza dzanja paliponse pamene ng'oma zameza mawu a woimba.