Momwe mungawombere mfuti yamphamvu maso akayamba kukalamba

Ku Mulanje kuno ndi ku Thyolo alipo achikulire amene agwira mfuti ya laisensi kwa zaka zambiri, ena polondera m'maesiteti a tiyi ndi makadamiya, ena poteteza minda ku nguluwe. Phewa lawo linazolowera kukankha kwa mfuti. Koma diso likafika zaka 50 limasintha mkati, mwini wake osadziwa.

M'diso muli madzi onanda amene amafota munthu akamakula, n'kuyamba kumatuka ku retina, kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala. Kwa ambiri izi zimatha popanda vuto. Kwa ena, madziwa pomatuka amang'amba retina, n'kulowa kuseri kwake n'kuyikanganula. Choopsa n'chakuti sizipweteka. Diso lokhala ndi malo ofooka otere si loyenera kuligwedeza mwamphamvu, kapena kulimenya ndi chitsulo.

Choncho yambirani kuchipatala musanagule zipolopolo. Pemphani kuti akuthireni mankhwala okulitsa mwanadiso, chifukwa popanda mankhwalawo dokotala saona bwino m'mbali mwa retina momwe mumang'ambika kawirikawiri. Chipatala cha boma chikhoza kukutumizani ku Lions Sight First Eye Hospital, ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Tsikulo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, maso amachita chidima kwa maola angapo. Muuzeni dokotala mosabisa mtundu wa mfuti yanu. Muuzenso ngati simuona patali kuyambira ubwana, ngati munachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ngati muli ndi matenda a shuga, ngati munavulalapo diso, kapena ngati m'banja mwanu wina retina inam'kanganukapo. Zonsezi zimakweza chiopsezo. Akanena kuti mfuti yaikulu muisiye, isiyeni ndithu.

Mukaloledwa, chachiwiri ndi kuchepetsa kukankhako. Mfuti yowombera zipolopolo za mtundu wa .375 H&H imakankha pafupifupi kawiri kuposa .308, ndipo .458 Winchester Magnum imaposa apo. Dzifunseni ngati ntchito yanu ikufunadi mfuti yotero. Kunena zoona, ntchito zambiri za kuno sizifuna. Mfuti yolemera imakankha pang'ono poyerekeza ndi yopepuka yowombera chipolopolo chomwecho. Ikani labala wofewa kumbuyo kotsamira paphewa, ndipo sankhani zipolopolo zopepukirapo.

Kenako kaimidwe. Wombani muli chiimire, mwendo umodzi patsogolo, mawondo opindika pang'ono, mfuti itatsamira pa ndodo zopingasa. Mukatero thupi lonse limabwerera m'mbuyo n'kumeza mphamvuyo. Mukagona chafufumimba kapena kuweramira patebulo, thupi lilibe kothawira ndipo mutu umayandikira mfuti. Ikanikizeni zolimba paphewa, tsaya litagunda bwino pamtengo wa mfutiyo. Poyeserera, zipolopolo zochepa zikwana.

Ambiri akapitirira zaka 40 saonanso bwino kachitsulo kolozera kutsogolo kwa mfuti, ndiye amaika galasi loonera patali. N'zothandiza, koma pali ngozi ina. Galasilo likayandikira kwambiri, mfuti ikakankha limamenya pachikope. Pamfuti yamphamvu sankhani lolola kuti diso likhale masentimita 9 kapena 10 kuchokera pagalasi, ndipo musamasendeze mutu kutsogolo pofuna kuona bwino. Valani magalasi oteteza maso a pulasitiki wolimba wotchedwa polycarbonate, komanso zotseka m'makutu.

Za chiperoni ndinenepo. Ng'ala ikayamba, nkhungu ndi kamdima ka madzulo zimasokoneza kwambiri, munthu wotola nkhuni m'mphepete mwa munda n'kuoneka ngati nyama. Chimene simukuchiona bwinobwino musachiwombere.

Mukamaliza, tsekani diso limodzi ndi dzanja, muone ndi linalo, kenako musinthe. Mukaona timadontho takuda tambiri tikuyandama mwadzidzidzi, kung'anima m'mbali mwa diso, kapena mdima ukubwera kuchokera mbali imodzi ngati wina akukoka katani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kang'ambidwe kakang'ono amakamata ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, koma retina ikakanganuka mpaka pakati, kawirikawiri kuona sikubwerera monga kale ngakhale atachita opaleshoni.

Amene anachitidwa opaleshoni ya retina n'kuikidwa mpweya m'diso asagwire mfuti mpaka dokotala atalola. Asakwerenso ndege kapena phiri la Mulanje, lomwe ku Sapitwa limafika mamita 3,002, chifukwa mpweyawo umafufuma pamalo okwera ndipo ukhoza kupha diso.