Zonyamula ukamalowa ku hositelo ku UNZA (University of Zambia)

Mng'ono wanga, yamba ndi mapepala: NRC (chitupa cha unzika), kalata yakuti wavomerezedwa ndi malisiti a banki, panga mafotokope uike m'pulasitiki. Ndiye loko, usalowe opanda loko, mnzanga anabedwa nsapato sabata yoyamba yeniyeni ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Bulangete yolemera gula ku msika wa Kamwala chifukwa Juni ndi Julayi kuno ku Lusaka kumazizira koopsa, neti ya udzudzu, ndowa yokhala ndi chivundikiro poti madzi amatha osatsanzika, tochi ya malaiti akapita, adaputa chifukwa soketi imodzi mudzalimbirana anthu angapo. Kapenta, nyemba ndi unga gula ku msika wa Soweto, kumatchipa. Poto awiri akwana, mthiko usaiwale. Zovala usatenge zonse, kabati ndi kakang'ono.