Mmene ndimayezera mpata wa ring'i pa injini ya snowmobile

Mwezi wa Okutobala ukangolowa kuno ku Thunder Bay, ku Canada, galaja imene ndimagwirako ntchito imadzaza ndi ma snowmobile, makina okwera oyenda pa chipale chofewa, mpaka kusowa poponda. Aliyense amafuna yake ikonzedwe chipale chofewa chisanayambe kugwa. Zambiri zimakhala za injini ya two-stroke: Ski-Doo zokhala ndi injini ya Rotax, Polaris za ku Roseau ndi Arctic Cat za ku Thief River Falls. Injini za mtunduwu ndinakula nazo ku Monkey Bay, pa Yamaha za maboti a asodzi, ndikupatsira malume anga masipanala. Koma kunyanja kuja ring'i, kamkombero kachitsulo kotseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda, tinkangoitulutsa m'pepala lake n'kuiveka pa pisitoni, basi. Zoyeza mpata wa pakati pa nsonga zake ziwiri ndinaziphunzira kuno, ndipo ndinaziphunzira ndi misozi.

Chaka changa choyamba ndinamanga Rotax 800 ya bambo wina amene amapita nayo kokawedza nyanja ikaundana. Mapisitoni atsopano, maring'i atsopano, magasiketi atsopano. Sindinayeze kanthu poti zonse zinali zochokera m'bokosi. Patangotha masabata awiri makina aja anabwerera ali pangolo. Nditachotsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda, ndinapeza pamwamba pa pisitoni pali timaenje tambirimbiri ngati pajomphajompha nkhuku. Ring'i inali itaduka patatu, ndipo kachidutswa kena kanalima mzere m'silinda kuchokera pabowo la ekizozi mpaka kumwamba. Nsonga za ring'iyo zinali mbee, zonyezimira ngati wina wazipukuta. Mwini galaja anaziloza ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Apa zinagundana." Bambo aja anakhala mwezi wathunthu opanda chokwera, pa nyengo imene amaidikira chaka chonse. Kuyambira pamenepo palibe ring'i imene imalowa m'injini yomanga ine isanayezedwe.

Vuto lake n'lakuti ring'i imatentha msanga kuposa silinda. Ndi yopyapyala ndipo ili pafupi ndi moto, pamene silinda imaziziritsidwa ndi madzi, ndipo pa snowmobile madziwo amadutsa m'zitsulo za aluminiyamu za kunsi kwa mpando, zimene lamba woyendera amaziwaza chipale nthawi zonse. Tengani Rotax 800R kapena 850, yomwe silinda yake ndi mamilimita 82 m'mimba mwake. Ring'i yake mukaitambasula ndi pafupifupi mamilimita 258. Ikatentha kuposa khoma ndi madigiri 100, imatalika ndi mamilimita 0.3. Silinda nayo imafutukuka, koma m'mawa wozizira madigiri -25 imachedwa pamene ring'i yapsa kale. Ngati munasiya mpata wa mamilimita 0.2, nsonga zimakumana, ring'i imasowa kolowera, imakankha khoma n'kuchotsapo oyilo. Zotsatira zake ndi kukanda, kuthyoka, kapena injini kunoka muli pakati pa nyanja.

Mpata woyenera uli m'buku la injiniyo, ndipo mukagula pisitoni ya kampani ina ngati Wiseco, werengani kapepala ka m'bokosi. Zonsezi zikasowa, ine ndimachulukitsa kukula kwa silinda ndi 0.004 kuti ndipeze mpata wochepetsetsa, ndi 0.005 kuti ndipeze umene ndimaufuna. Pa mamilimita 82 ndiye kuti 0.33 ndi 0.41. Pa Polaris 800 ya mamilimita 85 ndi 0.34 ndi 0.43. Kuno anthu ambiri amayankhula m'mainchi, choncho dziwani kuti 0.40 ndi 0.016 ya inchi. Ine ndimatsamira ku mpata wokulirapo. Ukakula pang'ono mumataya kamphamvu kamene wokwera sangakamve n'komwe, koma ukachepa mumataya silinda.

Musayeze silinda isanathe kukonzedwa. Masilinda ambiri a masiku ano ndi a aluminiyamu wokutidwa m'kati ndi Nikasil, chokutira chopyapyala koma cholimba kwambiri, ndipo amenewa sakuzidwa. Akakandika amapita kokakutidwanso. Akale okhala ndi chitsulo m'kati amakuzidwa ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50 n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Mulimonsemo, ikabwerako yendetsani chala m'mbali mwa mabowo onse, makamaka la ekizozi. Mukamva pakuthwa, pasalazeni, chifukwa pamenepo mpamene ring'i imakodwa. Kenako itsukeni ndi madzi otentha ndi sopo mpaka kansalu koyera kazituluka koyera. Ndipo ngati silinda yagona m'galimoto panja, isiyeni patebulo maola angapo itenthe mofanana ndi ring'i. Kuyeza chitsulo chozizira ngati madzi oundana ndi china chofunda n'kudzinamiza.

Kuyeza kwenikweniko ndi uku. Pakani kaoyilo pang'ono m'khoma. Finyani ring'i ndi zala, muilowetse chopendekera, kenako muigoneke. Tengani pisitoni yopanda maring'i, muitembenuze mutu pansi, mukankhire nayo ring'iyo mamilimita 15 kapena 20 kuchokera pamwamba, pamtunda pa bowo la ekizozi. Pisitoniyo ndi imene imaikhazika mowongoka. Ring'i yopendekera ngakhale pang'ono imakupatsani nambala yabodza. Onetsetsaninso kuti mpatawo sunayang'anizane ndi bowo lililonse. Tsopano lowetsani masamba a feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mpata, kuyambira lopyapyala kupita ku lokhuthala. Tsamba loyenera limalowa likukoka pang'ono, ngati mukusolola pepala pakati pa buku lotseka. Mukaona ring'i ikusuntha pamene mukulowetsa, tsambalo lakula, bwererani m'mbuyo.

Ngati silinda ndi yakale, ndimayeza kawiri: pamwamba paja, ndi pansi penipeni kunsi kwa mabowo, pamene ring'i sifika pogwira ntchito. Silinda ikadyeka n'kukula ndi mamilimita 0.01 m'mimba mwake, mpata umakula ndi 0.03, choncho kusiyana kwa manambala awiriwo kumakuuzani mmene silinda yathera. Ring'i yatsopano ikapereka mpata woyandikira milimita yathunthu, musayitanitse ina. Yatha ndi silindayo.

Ring'i iliyonse iyezedwe m'silinda yake yomwe ikagwiremo ntchito. Injini zambiri ndi za masilinda awiri, ya mbali ya PTO, kumene kuli kilatchi, ndi ya mbali ya MAG, kumene kuli magineto. Ndimalemba mayina amenewa pa timatumba tiwiri, ndipo pisitoni ikakhala ya maring'i awiri ndimalembanso yapamwamba ndi yapansi.

Nthawi zambiri maring'i a two-stroke amabwera ali bwino, ndipo ntchito imathera pamenepa. Koma mukapeza wothina, apa mpofunika kudekha, chifukwa ring'i ya injini imeneyi si yofanana ndi ya galimoto. M'kangalande ka pisitoni muli kapini kakang'ono kamene kamaletsa ring'i kuzungulira, kuti nsonga zake zisakagwere m'bowo. Nsonga ziwirizo zinasemedwa kuti zikumbatire kapiniko. Mukazipala ndi tupa, malo a kapini nawo amachepa. Mukhoza kupeza 0.41 wabwinobwino m'silinda, koma pa pisitoni nsongazo n'kumatsamira kapini zisanatsekeke. Ring'i yotero imakankha kapiniko mpaka kamasuke, ndipo kakatuluka, zonse zathera pomwepo.

Ine ndimamanga tupa wosalala kwambiri pavayisi, n'kugwira ring'i ndi manja awiri pafupi ndi nsonga. Ndimapala nsonga imodzi yokha, kuti inayo izindionetsa ngati ndikuwongoka. Palani kuchokera kunja kulowera m'kati, chifukwa kunja kwa ring'i kunakutidwa ndi chitsulo cholimba chimene chimabenthuka mukapala chotulukira. Katatu kapena kanayi, pukutani, bwezerani m'silinda, yezani. Zimatopetsa, koma chimene mwapala sichibwerera. Mukafika pa nambala yanu, finyani nsonga zikumane n'kuyang'ana pa getsi: zikhudzane monse, pasaoneke kuwala kooneka ngati V. Chotsani timinga tachitsulo ndi kamwala konolera kosalala, mongokhudza, osasandutsa ngodya kukhala yobulungira.

Kenako ivekeni pa pisitoni, chilembo chili pafupi ndi nsonga chiyang'ane kumwamba. Izi n'zofunika kwambiri pa maring'i opendekeka mbali imodzi, amene sakhala m'kangalande mukawatembenuza. Musaitambasule kuposa pofunika. Finyani ndi zala mozungulira: ring'i yonse imire m'kangalande, nsonga zikumbatire kapini popanda kukakankha. Ngati zikutsamira, kuzani kamalo ka kapini ndi katupa kakang'ono kobulungira, pang'onopang'ono.

Pomanga, muvi wa pamwamba pa pisitoni nthawi zambiri umaloza ku ekizozi, koma tsimikizani m'buku. Timawaya totsekera pini ya pisitoni tikhale tatsopano, kukamwa kwake kuyang'ane kumwamba kapena pansi, ndipo tsekani kukamwa kwa injini ndi nsalu musanatiike. Pakani oyilo wa two-stroke, finyani ring'i ndi zala, mutsitse silinda molunjika osaipotoza. Ikakana kulowa, musaimenye. Ndiye kuti ring'i yakwera pakapini, tulutsani muyambirenso. Ngati mwaika pisitoni yokulirapo pa Rotax, onaninso kuti mavalavu a RAVE a pa ekizozi sakuikhudza. Musanaike hedi, zunguzani injini ndi dzanja kangapo, mukumvetsera ngati pali pogwira.

Ikalira koyamba ndimaisiya itenthe bwinobwino, n'kuizimitsa izizire, kawiri kapena katatu. Mwini wake akabwera ndimamuuza kuti thanki yoyamba asakanikize mafuta mpaka kumapeto kwa nthawi yaitali, aziyenda mosinthasintha liwiro, ndipo m'mawa uliwonse adikire madzi a injini afunde asananyamuke. Manambala amene ndapeza, a PTO ndi a MAG, ndimawalemba palisiti yake ndi m'kabuku kanga, kuti makinawo akadzabweranso ndidzadziwe pamene tinayambira.