Musanagule nyama ya nkhumba pa chiwaya, iyang'aneni kaye

Abale anga, nyama ya nkhumba ikakhala ndi timibulu toyera ngati mpunga, tomwe ena amati masese, isiyeni ngakhale itsike mtengo. Timeneto ndi ana a nyongolotsi yaphanthiphanthi ija yomwe imakula m'matumbo mwa munthu mpaka kupitirira mamita 2. Nyama yowotcha pamwamba pokha, mkati mukadali mofiira, ndiyo imatipatsira. Iphikeni ipse mpaka mkati.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mazira a nyongolotsiyi amatuluka ndi chimbudzi cha munthu, ndipo akalowa mkamwa kudzera m'manja kapena madzi akuda amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu, ngakhale kwa mwana wosadya nkhumba. Nkhumba zikhale m'khola, tisamadzithandize kutchire, tizisamba m'manja ndi sopo. Mukaona tizidutswa toyera m'chimbudzi chanu, pitani kuchipatala akakupatseni mankhwala oyenera.