Honda ya atsibweni: yambani ndi buleki, injini idikire

Kwathu kuno njinga yamoto iliyonse timangoti honda, ndiye musadabwe ndikati honda ya atsibweni anga ndi Yamaha YBR 125. Inakhala zaka zinayi m'kachipinda kosungiramo matumba a chimanga kumudzi, cha ku Chadiza, chiyambireni maso a mkuluyo kuchita nkhungu. Tsiku lomwe anati, "Iwe muphwa wanga, chotsa chinthuchi makoswe asanachimalize," tinapeza wilo yakutsogolo yakaniratu kuzungulira. Tinachita kuinyamula amuna anayi ngati nkhumba yopita kumsika kuti ikwere Canter yobwera ku Chipata.

Itangotsika pakhomo, anyamata a m'komboni anaizungulira, aliyense akuti tithire petulo tiimve kulira. Ndinakana. Njinga ikangolira mtima sugwira, umafuna kuizungulitsa ngakhale kamodzi, ndipo Chipata ndi tauni ya zitunda ndi materezi. Buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga, choncho ndiyo yoyamba kukonza.

Chomwe chimaumitsa buleki ya disiki ndi madzi. Mafuta a buleki, aja olembedwa DOT 3 kapena DOT 4, amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Dzinja lililonse, kuyambira Novembala mpaka Epulo, amamwako, ndipo njinga ikangokhala osayenda madziwo amadikha pansi n'kuyamba kudya zitsulo. Onjezani khalidwe lathu loopa buleki yakutsogolo, ati imagwetsa. Pisitoni, kachitsulo komwe mafuta amakankha kuti buleki igwire disiki, ikakhala yosasuntha miyezi yambiri imamera mizu pomwe ili.

Musanamasule chilichonse, pezani kaye pomwe pali vuto, chifukwa malo ake ndi awiri. Imikani njinga pa sitandi yapakati, munthu akhale kumbuyo kuti wilo yakutsogolo ilendewere. Pa kalipa, chija chimakumbatira disiki, pali kanipo kovala kachipewa ka labala. Kadonthezereni mafuta osungunula dzimbiri madzulo, kagone nawo, poti kamathyoka msanga ndipo kakathyokera m'kati mudzalira. M'mawa kavekeni sipana ya namba 8, yozungulira osati yapakamwa, mukapotoze pang'ono chabe. Mafuta akatuluka mwamphamvu wilo n'kumasuka, kalipa ilibe mlandu. Vuto lili kumtunda, pa masita silinda, kapampu ka mafuta ka pahandulo, kapena m'paipi. Wilo ikakhalabe gwa, ndiye kuti ndi kalipayo.

Za kumtundazo n'zosavuta koma anthu amazidumpha. Tsegulani kabokosi ka mafuta pahandulo. Timasikuluu take n'tofewa ngati sopo, ndiye khazikani sikuludiraiva bwino, igogodeni ndi hamala kawiri katatu, kenako potozani mukukanikiza. Pansi pa kabokosiko pali mabowo awiri, lina looneka bwino, lina laling'ono ngati nsonga ya singano. Laling'onolo ndilo limabweza mafuta mukasiya kufinya. Likatsekeka, mafuta amatsekeredwa m'paipi, ndipo akatenthedwa amafufuma n'kumanga wilo okha. N'chifukwa chake njinga ina imayenda bwino m'mawa koma masana a mu Okutobala n'kuuma pakati pa msewu. Litsegulireni ndi kawaya kamodzi kosolola ku kebulo yakutha, osalikuza.

Mu yanga mafuta anali bii ngati tiyi wogona, pansi pali zaphalaphala, koma nditamasula nipo wilo sinasunthe. Basi ndinadziwa kuti ntchito ili pansi.

Masulani mabawuti awiri omangira kalipa ku foloko, muigwedeze uku ndi uku, mukuigogoda ndi chipika osati chitsulo, mpaka itavuka pa disiki. Apa mvetsani: paipi ya mafuta musaichotse. Mphamvu yomwe imagwira buleki ndi yomweyo idzakankhe pisitoni kuti ituluke, ndipo palibe chida china pakhomo panu choposa imeneyo. Chotsani mapadi, aja amafinya disiki, ikani beseni pansi, dzazani kabokosi ndi mafuta atsopano, muyambe kupopa handulo ya buleki. Ikakhala lobodo, tulutsani kaye mpweya kuti ilimbe, monga ndifotokozere kutsogoloku. Pisitoni imabwera monyinyirika, pang'ono ngati mpaka wa chikhadabo, kenako kuima. Ikatero ikankhireni m'kati ndi kilampu kapena vaisi mutaika kathabwa, mupopenso. Kupita ndi kubwerera kumeneku ndiko kumaswa dzimbiri. Yanga ili ndi pisitoni imodzi. Ngati yanu ili ndi ziwiri, tchingani yothamanga ndi kathabwa kuti zitulukire limodzi, apo ayi imodzi idzagwa inzake ikadali m'kati.

Ine apa ndi pomwe ndinapusa. Tsiku lachiwiri madzulo, itatuluka theka, ndinatopa n'kuigwira ndi pulayasi kuti ndiipotokole. Inatuluka inde, koma ndi mano a pulayasi m'nthiti, ndipo pisitoni yokandika imang'amba labala n'kumadontha. Ndinagula ina chifukwa cha phuma la mphindi zisanu. Ikakana zenizeni, pitani nayo kwa anyamata omata matayala akaiuzire ndi kompuresa pabowo la paipi. Ikani thabwa ndi chisanza kutsogolo kwake, zala kutali, chifukwa imatuluka ngati chipolopolo.

M'kati mwa kalipa muli mphete ziwiri za labala: yakunja yotchinga fumbi, yam'kati yotchinga mafuta. Zivundukuleni ndi kamtengo, muyang'ane m'ngalande momwe zimakhala. Mudzapeza zoyera zouma ngati chidulo chogwirana pansi pa mphika. Ameneyo ndiye mfiti yake. Aluminiyamu ikadyedwa ndi madzi imatupa, n'kukankha labala kuti ifinye pisitoni. Mphete yam'katiyo si yobulungira ayi, ili ndi ngodya zinayi. Mukafinya buleki imapindika pang'ono, mukasiya imawongoka n'kukokera pisitoni m'mbuyo. Mulibe sipuling'i mmenemo, ntchito yonse yobweza ndi ya labalayo. Ndiye ngalandezi zipaleni mpaka ziwale. Ine ndinasongola kansungwi, n'kukhala pamkeka ola lathunthu ndi mswachi wakutha. Sikuludiraiva kapena msomali ayi, zimasiya mikwingwirima yodutsa mafuta.

Potsuka, madzi a sopo ndi okwanira bola muumitse padzuwa mpaka kontho, kapena mafuta a buleki atsopano. Petulo, dizilo, palafini ndi oilo wa injini asayandikire: labala ya mabuleki ikakhudzana nazo imafufuma ngati chitumbuwa, buleki n'kuumanso pakangopita masabata. Ndaonapo anthu akuthira oilo wa injini m'kabokosi ka pahandulo ati mafuta ndi mafuta. Pamenepo malabala onse, kumtunda ndi pansi, ndi otaya.

Pisitoni yakale ngati simunaiononge ngati ine, ipukuteni muyendetse chikhadabo pamwamba pake. Chikakodwa m'timaenje, gulani ina. Malabala gulani atsopano nthawi zonse, ndipo popita kusitolo nyamulani zakalezo m'thumba mukayerekeze pakauntala, poti mawu oti "ndi zimodzimodzi, bwana" savuta kunena. Yambani kufunsa ku Down Shops ndi ku Kapata, m'Chipata momwemuno. Zikasowa, kumbukirani kuti Lilongwe kudzera pa malire a Mwami ndi makilomita osakwana 150, pomwe Lusaka ndi oposa 550.

Pobwezera, nyowetsani malabala ndi pisitoni ndi mafuta a buleki. Iyenera kulowa ndi zala zazikulu ziwiri basi. Ikafuna hamala, yapendekeka kapena ngalande sinayere. Musaiwale mapini omwe kalipa imatsetserekapo, chifukwa nawonso amauma n'kuchititsa padi imodzi kutha inzake ili yatsopano. Apaleni ndi sandipepa wosalala, muwapake girizi wa silikoni kapena wofiira wa malabala, osati wakuda wa maekiselo. Mapadi omwe amwa mafuta tayani, zowawotcha pambaula n'zongodzinamiza. Pa disiki pamadindidwa mawu oti MIN TH ndi nambala. Ikapyapyala kuposa pamenepo yatha ntchito. Paipi ipindeni muone ngati ili ndi ming'alu. Buku la Yamaha limati isinthidwe zaka zinayi zilizonse, ndipo mukaimasula ikani mawashala akopa atsopano.

Kutulutsa mpweya kumafuna anthu awiri. Ine anandithandiza ndi mwana wanga wamkazi wa giredi 7. Tinaveka kapaipi koonekera m'kati, konga ka diripi, pa nipo, mbali ina m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Ndikati "finya, gwira," iye amagwira, ine n'kutsegula nipo, thovu n'kutuluka, n'kutseka, kenako "siya." Akasiya handulo nipo ikadali yotsegula, mpweya umabwerera ndipo mumayambiranso. Kabokosi kasaume, mtundu wa mafuta ukhale womwe walembedwa pachivundikiro, kuchokera m'botolo lomata, ndipo DOT 5 musaisakanize ndi enawa. Phimbani thanki ndi chisanza chonyowa, mafutawa amasupula penti. Handulo ikakhalabe yofewa pang'ono, imangeni ndi legeni ku chigwiriro igone choncho. M'mawa timathovu timakhala takwera tokha.

A njinga za dilamu kutsogolo, monga AG200 ndi Boxer, ntchito yanu ndi yochepa. Kawirikawiri chimauma ndi kebulo kapena kachitsulo kotambasula mashuzi, aja amakhula m'kati mwa dilamu. Chotsani wilo, sololani kachitsuloko, palani dzimbiri, pakani girizi wochepetsetsa. Fumbi la m'dilamu musaliuzire ndi pakamwa, pukutani ndi nsalu yonyowa, ndipo onani ngati zomatira pa mashuzi sizinayambe kumatuka.

Zinazo zinapita mofulumira: kutsuka thanki ndi kabureta, oilo, pulagi ndi batire zatsopano, kuchotsa chisa cha makoswe mu eya kilina. Matayala anali ndi mapanga abwino koma ong'alukang'aluka m'mbali. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. Ndinasintha onse awiri ndisanapite kukakonza mapepala ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu.

Kuyesa kumayambira pabwalo, mukukankha ndi manja: finyani, wilo igwire, siyani, imasuke nthawi yomweyo. Kenako yendani pang'onopang'ono kilomita imodzi osagwira yakutsogolo, imani ndi yakumbuyo, mukhudze disiki mosamala. Ikhale yozizira. Ikatentha, china chake chikukhulabe, bwererani nayo.

Patapita masabata atatu ndinapita nayo ku Chadiza kukaionetsa. Atsibweni anaipapasa thanki, mpando, mpaka dzanja linafika pa handulo ya kumanja. Anafinya kawiri, n'kutembenukira komwe kunali mawu anga.

"Kodi aka kamagwira chonchi? Ine zaka zonse zija sindinkakakhudza."